Akuitanani ku intaviyu: pitani ngati munthu amene ntchitoyo waiganizira kale

Foni ya uthenga wabwino siyang'ana pamene muli. Mwina muli m'minibasi yochokera ku Area 25, mwapanikizana anayi pampando umodzi, kondakitala akukuwa, foni n'kulira. Mayi wa mawu aulemu akuti mubwere Lachinayi 9 koloko m'mawa, mutenge masatifiketi. Mtima umadumpha, ndipo ambiri amangoti "zikomo kwambiri, zikomo" n'kudula asanamvetse n'komwe kumene aitanidwa.

Ndakhalapo kangapo m'gulu la ofunsa mafunso muno mu Lilongwe, polemba makalaliki a m'nyumba zosungira katundu, madalaivala, alangizi opita kumidzi ndi achinyamata a za maakaunti. Anthu amene amafika mpaka pa intaviyu amakhala ndi mapepala ofanana ndithu. MSCE ali nayo onse, dipuloma ali nayo onse, poti amene analibe anatsala kale posankha makalata. Funso limene limatsala m'mitu ya ofunsa ndi limodzi: munthuyu akungofuna ntchito iliyonse, kapena ntchito inoyo waiganizira? Kufuna ntchito iliyonse si tchimo. Lendi ikudikira, ana a achemwali akufuna fizi, ndipo aliyense m'chipindamo akudziwa zimenezo. Koma ofunsa nawonso ali ndi mantha awo. Amaopa kulemba munthu amene adzagwe ulesi pakangotha miyezi iwiri, kapena amene sakudziwa chimene akulowa. Chidwi chanu ndicho chimachotsa mantha amenewo, ndipo chidwi sichibwera ndi kumwetulira kapena kunena kuti "kampani yanu ndimaikonda kwambiri". Chimaonekera pa zimene munachita masiku a m'mbuyo, musanagogode pachitseko chawo.

Foni isanaduke

Ngati pali phokoso, pemphani mwaulemu kuti muimbenso pakapita mphindi zochepa, kapena akutumizireni uthenga wolemba. Palibe amene angakuchotseni pa mndandanda chifukwa cha pempho limeneli. Funsani dzina la amene akuimbayo, dzina la bungwe, ndi udindo umene akukuitanirani, chifukwa munthu amene waponya makalata khumi mwezi umodzi amasokoneza. Funsaninso ngati kudzakhale mayeso olemba, a pa kompyuta, kapena oyendetsa galimoto.

Za malo, musakhutire ndi nambala ya Area yokha. Manambala a madera a mu Lilongwe satsatana monga mmene maderawo anakhalira. Area 24 ili mbali ya ku Area 23, pamene Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Area 47 ili ndi masekitala ake, Area 18 ili ndi A ndi B. Funsani nyumba yake, chizindikiro chapafupi, ndi siteji yotsikira.

Apa ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa akuba aphunzira kuti wofuna ntchito ndi wosavuta kumupusitsa. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, akuti ya fomu, ya kuchipatala kapena yoti dzina lanu likwere pamwamba, dziwani kuti kumeneko kulibe ntchito. Bungwe lenileni siligulitsa intaviyu. Ngati wopempha kangachepeyo ndi wa m'boma, imeneyo ndi nkhani ya bungwe lothana ndi katangale la ACB. Ndipo kwa inu achemwali makamaka: intaviyu imachitikira ku ofesi kapena pamalo oonekera, masana, pamaso pa anthu angapo. Amene akuti mukakumane m'chipinda cha kumalo ogona alendo madzulo, kapena akuyamba kukutumizirani mauthenga a usiku, akuphwanya lamulo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo simulakwa kukana kapena kukanena kupolisi.

Bwererani ku chilengezo cha ntchito

Mukafika kunyumba, funani chilengezo chimene munayankha chija, kaya munachidula mu The Nation kapena The Daily Times, kaya chinabwera pa gulu la WhatsApp. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga chilengezo chilichonse chimene mwafunsira ntchito, pamodzi ndi kalata ndi CV imene munatumiza. Mafunso ambiri amene mudzafunsidwe ali m'chilengezo momwemo. Ife ofunsa tikakhala pansi kukonza mafunso, timatenga pepala lomwelo n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala funso.

Tengani kope, mulembe mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani ntchito iliyonse imene atchula: kulandira katundu, kulemba malipoti a pamwezi, kuphunzitsa magulu a alimi, kaya ndi chiyani. Kumanja lembani pamene inu munachitapo chinthu chofanana nacho, kuti, liti, ndipo chinatha bwanji. Mizere ina kumanja idzakhala yopanda kanthu. Imeneyo ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa yakuonetsani pamene mudzagwidwe. Muli ndi masiku awiri kapena atatu oti muwerenge, mufunse wodziwa, kapena mupemphe mnzanu wa kompyuta akuonetseni mmene amawonkhetsera manambala pa Excel. Simudzakhala katswiri pa masiku atatu, koma mudzatha kunena zoona zomveka: "Sindinagwirepo, koma nditaona m'chilengezo ndinakafunsa, ndipo ndamvetsa kuti zimayenda motere." Munthu woyankha choncho amatsala m'mutu mwa ofunsa.

Werenganinso CV yanu ngati ya mlendo. Ndaonapo anthu akudabwa ndi zimene zili mu CV yawoyawo, chifukwa anawalembera ndi wa pamalo otayipira makalata. Chilichonse chimene chili papepalapo mukhale okonzeka kuchifotokoza.

Kadzionereni nokha

Gawo ili ndilo anthu ambiri amalidumpha, koma ndilo limalemera kuposa onse. Ambiri amalowa pa tsamba la bungwe pa intaneti, n'kuloweza masomphenya ndi zolinga ngati vesi la ku Sande sukulu. Kuwerenga n'kofunika: onani tsamba lawo, Facebook yawo, ndi zimene nyuzipepala zalembapo za iwo posachedwa. Koma mawu oloweza amamveka kuti ndi oloweza, ndipo anthu asanu amene analowa inu musanalowe ananenanso omwewo.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha. Ngati ndi sitolo, lowani mugule kanthu kakang'ono, muone mmene amalandirira anthu, chimene chikuyenda malonda, pamene mzere ukuchedwa. Ngati ndi banki, imani pamzere tsiku la malipiro mumve zimene makasitomala akudandaula. Ngati ndi sukulu, dutsani nthawi yoweruka. Mlonda wa pageti, mayi wogulitsa mandasi pafupi, wakabaza amene amaima pakona, onsewa amadziwa nthawi imene antchito amalowa ndi kutuluka, ndi nyengo imene pamakhala piringupiringu. Fufuzaninso kumpingo kapena pakati pa anzanu a kusukulu ngati pali amene anagwirapo kumeneko. Musamupemphe kuti akakulankhulireni kwa mabwana. Mufunseni kuti tsiku la munthu wa udindo umenewu limayenda bwanji, ndipo chovuta chake chenicheni n'chiyani.

Mtsikana wina anabwera kudzafunsira ukalaliki wa katundu pa sitolo ya zipangizo za ulimi. Mapepala ake sanali oposa a anzake. Titamufunsa chifukwa chimene akufunira ntchitoyo, anati: "Ndinabwera Loweruka kudzaona. Ndinaona kuti matumba ena a feteleza ali pamatabwa, ena ali pasimenti penipeni, ndipo mvula yayandikira. Kwa amalume anga kumene ndinkathandiza tinataya matumba chifukwa cha chinyezi. Ndikanakonda kudziwa ngati vuto ndi kuchepa kwa matabwa kapena kwa malo." Sananene monyoza, anafunsa ngati munthu amene zikumukhudza. Mwini sitoloyo anaika cholembera pansi n'kuyamba kucheza naye, ndipo kuchokera pamenepo sinalinso intaviyu, anali anthu awiri akukambirana za ntchito. Chidwi chimene ndikunena ndi chimenechi.

Ntchito iliyonse ili ndi zake zoyenera kudziwa. Wofunsira ku makampani a fodya ku Kanengo adziwe kuti msika umatsegulidwa cha mu Epulo, kuti ntchito zambiri kumeneko n'za nyengo, ndipo asasokoneze fodya wa burley ndi wa chikopa. Wofunsira ku bungwe logwira ntchito kumidzi adziwe madera amene bungwelo limapita, kaya ndi kwa Kalolo, kwa Chadza, kwa Kabudula kapena kwa Malili, adziwenso kuti kumudzi sulowa osadzera kwa amfumu ndi kumakomiti a chitukuko. Akonzekerenso kunena moona ngati angakhale kumeneko, kokwera njinga yamoto m'matope a mu Januwale. Wofunsira m'boma ku Capital Hill adziwe ntchito ya unduna umene akulowa ndi nthambi zake, komanso masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, okhala ndi nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa ndi wa malonda, mafakitale, ndi kutukula matauni. Kungozitchula sikokwanira. Ganizirani kuti kalaliki kapena mlangizi ngati inu akukhudzana bwanji ndi imodzi mwa nsanamirazo.

Konzani nkhani zanu, ndipo muzinene mokweza

Ofunsa sakhulupirira mawu akuti "ndine wolimbikira", "ndine wokhulupirika". Aliyense amatero. Amakhulupirira nkhani. Konzani nkhani zitatu kapena zinayi za zimene zinakuchitikirani: imodzi ya vuto limene munalithetsa, imodzi ya kusemphana ndi mnzanu kapena kasitomala, imodzi ya pamene munalakwitsa n'kukonza, ndi imodzi yokhudza ndalama kapena katundu wa eni. Iliyonse ikhale yaifupi: panali chiyani, inu munachita chiyani, zinatha bwanji. Ikani manambala pamene mukuwakumbukira bwino, monga alimi angati, matumba angati, miyezi ingati. Musawonjezere, chifukwa funso lotsatira limavumbula bodza.

Amene simunalembedwepo ntchito, musanene kuti mulibe chonena. Munali msungichuma wa banki m'khonde? Munasunga ndalama za anthu, munalemba m'buku, munatsatira ngongole kwa anansi anu enieni, chimene si chapafupi. Munagulitsapo kaunjika, munayang'anira munda wa makolo ndi aganyu ake, munatsogolera kwaya, munachita atachimenti ya miyezi itatu muli ku Bunda kapena ku Lilongwe Technical College? Zonsezo ndi ntchito. Chofunika n'kuzilumikiza ndi zimene zili m'chilengezo.

Pali chinthu china chimene chimatigwetsa ife Amalawi, ndipo chimachokera pa khalidwe labwino. Tinaleredwa kuti tisadzitame, kuti pamaso pa akulu tiziyang'ana pansi, tizilankhula motsitsa, tizinena kuti "tinachita" ngakhale pamene unachita ndiwe wekha. Kumudzi umenewo ndi ulemu. M'chipinda cha intaviyu ofunsa amatsala osadziwa kuti mbali yanu inali iti. Nenani kuti "tinali anayi, ine ntchito yanga inali yolemba malisiti, ndipo ndine ndinazindikira kuti manambala sakugwirizana". Uku si kudzikweza, n'kupereka umboni. Yang'anani amene wakufunsani, mawu amveke mpaka kwa wakhala kumapeto kwa tebulo. Ulemu wanu udzaonekera pa moni, pa kumvetsera ndi pa kusadula anthu mawu.

Ma intaviyu ambiri a m'maofesi amachitika m'Chingerezi, ndipo chimene chili bwinobwino m'mutu chimatha kukakamira pakamwa. Mankhwala ake ndi kulankhula mokweza. Khazikani mlongo wanu kapena mnzanu pampando, akufunseni, inu muziyankha ngati zenizeni. Dzijambuleni mawu pa foni mumvetsere. Musaloweze ziganizo, chifukwa mukaiwala liwu limodzi zonse zimagwa. Gwirani mfundo zokha. Chingerezi chosavuta chomveka chimaposa mawu akuluakulu osokonekera. Ngati ntchitoyo ndi ya kumidzi, konzekeraninso kufotokoza m'Chichewa, poti angakuuzeni kuti muyerekeze kuti iwo ndi alimi, muwaphunzitse kanthu.

Mafunso anayi amene sasowa

Loyamba ndi lakuti mudzifotokoze. Sakufuna mudzi wanu, mfumu yanu ndi sukulu ya pulayimale. Mphindi imodzi kapena ziwiri zikwana: zimene munaphunzira, zimene mwagwirapo zokhudzana ndi ntchitoyi, ndi chimene chakukokerani kuno.

Lachiwiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani mukufuna kugwira kwa iwo. Apa ndi pamene ulendo wanu wokaona uja ukubweza phindu. Tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munaona kapena kuwerenga, ndipo munene chimene inu mungachite nacho. Yankho lakuti "ndikufuna kukulitsa luso langa" likunena za phindu lanu lokha.

Lachitatu ndi la kumene munachoka. Ngakhale munachoka mopwetekedwa mtima, ngakhale malipiro ankachedwa, nenani mwachidule ndi mosanyoza: kontirakiti inatha, ntchito inachepa, ndinafuna udindo wokulirapo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Lilongwe ndi wamkulu pa mapu, koma mabwana a ntchito zofanana amakumana kutchalitchi, kumaukwati ndi kumaliro. Ngati munachotsedwa, musabise, poti foni imodzi idzaulula. Nenani zimene zinachitika ndi zimene mwasintha.

Lachinayi ndi la malipiro, ndipo limanjenjemeretsa ambiri. Ena amati "chilichonse chimene mungandipatse", ena amatchula ndalama yongolota. Werengerani muli kunyumba. Kuchokera kwanu kukafika kuntchitoko ndi maminibasi angati, kupita ndi kubwera, mwezi wonse? Wokhala ku Chinsapo kapena ku Likuni wogwira ntchito ku Kanengo amakwera kawiri m'mawa, kawiri madzulo. Onjezani lendi ndi chakudya. Funsani odziwa kuti udindo wotere umalipidwa bwanji m'malo ofanana. Kumbukiraninso kuti ndalama imene atchule nthawi zambiri ndi yosadulidwa: pamachoka msonkho wa PAYE wopita ku MRA, ndi 5 peresenti ya penshoni, pamene olemba ntchito amaikapo 10 peresenti yawo. Mukafunsidwa, tchulani pakati pa ndalama ziwiri, munene kuti ndinu okonzeka kukambirana. Iwo asanayambe nkhaniyi, inu musaiyambe koyambirira. M'boma malipiro amayendera magiredi, ndiye kumeneko palibe zambiri zokambirana.

Mapepala, zovala ndi ulendo

Masiku awiri tsikulo lisanafike, sonkhanitsani masatifiketi enieni ndi mafotokope ake, chiphaso cha unzika, CV zingapo zosindikiza bwino, ndi laisensi ngati ntchito ikufuna. Anamwino, azachipatala ndi ena a ntchito zolembetsa atenge umboni woti kulembetsa kwawo ku khonsolo yawo kudakali ndi mphamvu. Ngati ananena kuti mafotokope akhale odindidwa, kadinditseni nthawi ilipo. Onani ngati dzina pa satifiketi ya MANEB likufanana ndi la pa chiphaso, ndipo ngati likusiyana konzekerani kufotokoza ndi chikalata. Satifiketi yachinyengo musayerekeze n'komwe: amafufuza, ndipo mathero ake ndi kupolisi. Zonsezi zilowe m'fayilo kapena envulopu, ndi pepala la pulasitiki ngati ndi dzinja. Kusindikiza ndi kufotokopa musakusiyire m'mawa wa tsikulo, magetsi alibe pangano ndi munthu.

Imbirani anthu amene munawalemba kuti angakuchitireni umboni. Auzeni ntchito imene mwaitanidwira. Zimachititsa chisoni kuimbira munthu wotere iye n'kufunsa kuti "ndani ameneyo?"

Zovala sizifuna ngongole. Shati kapena diresi ya pa kaunjika, yochapa ndi kusita bwino, ndi yokwanira. Sitani usiku magetsi akadalipo, apo ayi simbi ya makala ilipo. Ikani kansalu m'chikwama kopukutira nsapato, chifukwa fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Febuluwale sizisankha.

Ulendo uwerengereni mopatsa nthawi. Minibasi sinyamuka isanadzaze, kudepoti mumasintha, ndipo m'mawa magalimoto amathithikana pa mlatho wa Lilongwe ndi misewu yolowera ku City Centre. Ngati munapitako kale kukaona, njira mukuidziwa. Sungani padera ndalama ya kabaza ya njinga yamoto yoti ikupulumutseni zikavuta. Fikani pafupi ndi malowo patatsala theka la ola, pumani, pukutani thukuta, mulowe patatsala mphindi 15. Zikakanika ndithu, imbani nthawi isanakwane, osati itadutsa. Mlonda ndi mayi wolandira alendo apatseni moni wathunthu. Kangapo ndamvapo bwana akutuluka kukafunsa wolandira alendo kuti anthu aja anali otani podikira.

Ngati intaviyu ndi ya pa Zoom kapena pa foni, gulani bandulo yokwanira, tchajani foni, yesani netiweki pamalo pomwe mudzakhalepo, ndipo pemphani a pakhomo akupatseni ola limodzi la bata. Foni muiimike pa chinthu, isagwedezeke m'manja. Valani ngati mukupita ku ofesi.

M'chipindamo

Zimitsani foni musanalowe. Perekani moni kwa onse, dikirani akuuzeni kukhala. Akatchula mayina ndi maudindo awo, gwirani makamaka la amene adzakhale bwana wanu, poti mafunso ake ndi amene ali pafupi ndi ntchito yeniyeni. Kakope ndi cholembera zikhale patebulo.

Mvetserani funso mpaka lithe. Ambiri amalephera chifukwa amayankha funso limene anakonzekera m'malo mwa limene afunsidwa. Ngati simunamve, pemphani abwereze. Kukhala chete pang'ono mukuganiza si kulephera. Mukafunsidwa chimene simukudziwa, vomerani, kenako nenani mmene mungachipezere kapena chofanana nacho chimene mukudziwa. Wolemba ntchito aliyense amaopa munthu amene sanena kuti "sindikudziwa", chifukwa wotereyo ndi amene amaononga makina kapena kusokoneza mabuku mwakachetechete.

Chidwi chimaonekanso pa mmene mumalandirira zimene iwo akunena. Bwana akatchula kuti nyengo yokolola amagwira mpaka usiku, musangogwedeza mutu. Funsani kuti zimatenga masabata angati, ndipo antchito amabwerera bwanji kunyumba. Akatchula vuto lawo, lilumikizeni ndi nkhani yanu imodzi. Mukatero mwayamba kale kuganiza ngati wa m'nyumbamo.

Kumapeto adzakufunsani ngati muli ndi funso. Kunena kuti "ayi, zonse zamveka" n'kutaya mpata wabwino koposa. Safunsa anadya phula. Bwerani ndi mafunso atatu olemba, mufunse awiri. Mungafunse kuti munthu amene alembedwe akuyembekezeka kukwanitsa chiyani m'miyezi itatu yoyamba. Mungafunse kuti chimene chimavuta kwambiri pa udindowu n'chiyani, kapena ngati udindowu ndi watsopano kapena panali wina. Funso labwino kwambiri ndi lochokera pa zimene mwamva m'chipinda momwemo kapena zimene munaona mutabwera kudzaona. Za tchuthi, ngongole ndi maalawansi zisungeni mpaka atakupatsani ntchito. Koma n'koyenera kufunsa ngati ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti, ndi kuti nthawi yoyesedwa ndi yaitali bwanji. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati nthawi imeneyi kwa munthu wa luso isapitirire miyezi 12. Pomaliza funsani kuti zotsatira zidzatuluka liti, thokozani, ndipo nenani poyera, kamodzi, kuti mutamva zonsezi ntchitoyo mukuifunadi.

Mukatuluka

Musadikire kufika kunyumba. Muli pasiteji kapena m'minibasi, tulutsani kakope kaja mulembe mafunso onse amene mwafunsidwa, ndi pamene mwapunthwa. Pofika mawa theka mudzakhala mutaiwala, pamene mafunso omwewo adzabweranso kwina, kaya mwalembedwa kuno kaya ayi.

Ngati anakuitanani pa imelo, yankhani pa imelo yomweyo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndi mizere itatu yokha: kuthokoza, chinthu chimodzi chimene mwaphunzira za ntchitoyo, ndi kuti mukudikira kumva. Osatumiza mauthenga ku nambala za ofunsa, osatuma amalume kukagogoda kwa bwana. Tsiku limene ananena likadutsa ndi sabata, imbani kamodzi ku ofesi mufunse mwaulemu. Ntchito za m'boma ndi za mabungwe akuluakulu zimatha kutenga miyezi, ndiye pitirizani kuponya makalata kwina.

Akakuimbirani kuti mwapambana, pemphani kalata yolemba musanasiye kumene muli. Werengani udindo, malipiro, maola, malo ogwirira ntchito, nthawi yoyesedwa ndi tsiku loyamba. Ngati pali mzere umene sukufanana ndi zimene munamva m'chipinda muja, funsani musanasayine.